Eddy Gordo, wankhondo wovina wopanda chishango

Pa Golomoti, chapafupi ndi pamene minibasi zochokera ku Salima ndi ku Balaka zimatsitsa anthu opita ku Monkey Bay, pali kanyumba kena ka malata momwe tsiku lonse mumamveka phokoso la anthu omenyana, koma ukasuzumiramo supeza dontho la magazi. Muli mabenchi awiri, makanema awiri, ndi anyamata amene maso awo sachoka pagalasi. Kanema mmodzi ndi wa mpira. Winayo ndi wa Tekken, gemu ya ndewu yochokera ku Japan. Loweruka lina ndinalowamo kukasaka mwana wa mlongo wanga amene anatumidwa kuchigayo m'mamawa koma dzuwa linafika paliwombo ufa usanaoneke pakhomo. Ndinamupeza ndithu. Koma ndisanayambe kumukalipira, maso anga anagwera pa katoni imene inakhomedwa pakhoma. Panalembedwa ndi makala kuti Eddy ndi woletsedwa, ndipo aliyense womusankha adzilipira yekha ngakhale awine.

"Kodi Eddy ameneyu analakwanji, iwe?" ndinamufunsa tikubwerera, thumba la ufa lili pa njinga.

"Amalume, Eddy uja ndi wakuba. Mwana wa sitandade 3 akhoza kukumenyani naye asakuyang'ana n'komwe pagalasi."

Lamulo la m'kanyumbamo ndi lakuti woluza ndiye amalipira gemu, wowina amakhalabe pampando. Mwini wake anandifotokozera tsiku lina kuti kamnyamata kena kanakhala pampando masana onse ndi Eddy, kakungopondereza mabatani awiri, mpaka wamkulu wina amene ndalama zake za ganyu zinathera pamenepo anaponya padi pansi n'kukagwira pakhosi. Katoni ija inakhomedwa mawa lake.

Ndikulemba kuti nditsutse katoni imeneyi, ngakhale ndikudziwa kuti mwini wake sanailembe chifukwa cha misala. Ena mwa owerenga adzafunsa ngati munthu wamkulu wasowa zolemba kuti mpaka aunike zidole za pakanema. Yankho langa ndi lakuti timaunika anthu opeka a m'mabuku ndi a m'masewero a pawailesi, n'kumatsutsana ngati wolemba anawaumba bwino kapena ayi. Eddy nayenso ndi munthu wopeka, ndipo ana athu ambiri amacheza naye nthawi yaitali kuposa imene amacheza ndi munthu aliyense wa m'buku la kusukulu. Komanso ndiulule kuti inenso ndinamusewerapo ndili mnyamata ku Lilongwe, ndipo ndinkapondereza mabatani omwewo.

Eddy Gordo anaonekera koyamba mu Tekken 3, imene kampani ya Namco inatulutsa mu 1997, n'kuibweretsa pa PlayStation mu 1998. Nkhani yake imati ndi mwana wa munthu wolemera wa ku Brazil. Bambo ake anaphedwa ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, iye n'kusenza mlanduwo nakhala kundende zaka 8, ndipo kumeneko mkulu wina anamuphunzitsa capoeira. Kuti mayendedwe ake aoneke enieni, kampaniyo inajambula thupi la mphunzitsi weniweni wa capoeira, Marcelo Pereira, akuvina ndi kumenya. Dzina lokhalo ndilo sanaliganizire bwino. Amene amakagula katundu ku Ulongwe tsidya la malire a Dedza akudziwa kuti gordo m'Chipwitikizi ndi munthu wonenepa, pamene Eddy ndi wamtali, wopanda mafuta ngakhale pang'ono. Mu Tekken 4 malo ake anatenga Christie Monteiro, mdzukulu wa mkulu wa kundende uja, koma anthu sanamuiwale, ndipo anabwereranso. Mu Tekken 8, imene inatuluka mu Januwale 2024, Eddy ndiye anali woyamba mwa omenya ogulitsidwa paokha.

Kuti timvetse mphamvu zake tiyenera kudziwa kaye mmene ndewuyi imayendera. Pali mabatani anayi, lililonse ndi chiwalo: awiri ndi manja, awiri ndi miyendo. Pa padi ya PlayStation, la X ndi lozungulira lija ndiwo a miyendo. Kumenya kulipo kwa mitundu itatu: kwa kumaso, kwa pamimba, ndi kwa kumiyendo. Ukatchinga uli chilili, watseka kumaso ndi pamimba koma miyendo ili pambalambanda. Ukanjuta, wateteza miyendo ndipo chibakera cha kumaso chikudutsa pamwamba, koma cha pamimba chikupeza. Palibe katchingidwe kotseka zonse. Tekken yonse yagona pamenepa, pa kulosera kumene mnzako akufuna kukulasa.

Omenya ambiri amaima ngati anthu a nkhonya, ndipo ukawayang'ana paphewa kapena pabondo umadziwa chikubwera. Eddy saima. Phazi lina kutsogolo, lina kumbuyo, thupi likupendamira uku ndi uku, mchitidwe umene a ku Brazil amautcha ginga. Mwadzidzidzi waima chadodolido, manja pansi miyendo m'mwamba, kaimidwe kotchedwa bananeira, kutanthauza mtengo wa nthochi. Usanamvetse, wadzigwetsa pansi chagada, mwendo umodzi utatambasuka, mu kaimidwe kotchedwa negativa. Apa ndiye pali mphamvu yake yoyamba. Ali pansipo, zibakera zonse za kumaso zimamenya mphepo, ndipo ngakhale zina za pamimba zimamudutsa pamwamba. Munthu amene anazolowera kuthetsa vuto lililonse ndi chibakera chofulumira amapezeka akulimbana ndi mthunzi. Kuchokera pansi pomwepo Eddy ali ndi theche losesa miyendo komanso lina lokwera pamimba, ndipo onse awiri amapweteka. Wotchinga ayenera kusankha, kuima kapena kunjuta, ndipo akalakwitsa wagwa.

Mphamvu yachiwiri ndi miyendo yake yaitali. Amakufikira uli patali pamene iwe ukuganiza kuti uli pabwino, ndipo amadziwa kubwerera m'mbuyo msanga kuti theche lako liphonye. Koma imene inakhometsa katoni ndi yachitatu. Mateche ake analumikizidwa mwakuti ukamadina mabatani awiri a miyendo mosinthanasinthana, popanda kudziwa chimene ukuchita, Eddy amapidiguka, kuzungulira, kusesa pansi, kudzuka ndi theche la kumaso, zonse zikutsatana ngati madzi a mu Nadzipokwe nthawi ya dzinja. Wodinayo sakudziwa chibwere n'chiyani, nanga wotchinga angadziwe bwanji? Mu 2024 munthu wina anaonetsa pa intaneti kompyuta imene anaikonza kuti izingodina batani limodzi la mwendo ndi Eddy wa mu Tekken 8. Kompyuta yopanda maso imeneyo inagonjetsa anthu enieni ambiri n'kukwera masitepe angapo. Choncho mwana wa mlongo wanga sananame kwenikweni.

Chimene anthu olemba za magemu kunjaku sachiganizira ndi malo. Iwo amasanja omenya pamndandanda, uyu ndi wamphamvu, uyu ndi wofooka, ngati kuti mndandandawo ungagwire ntchito chimodzimodzi ku Seoul ndi ku Mtakataka. Pa Golomoti padi imagwidwa ndi manja ambirimbiri pa tsiku, ena athukuta, ena amafuta a chipisi. Mabatani olozera mbali amakhala atatha kale. Kazuya ndi abale ake a banja la Mishima ali ndi chibakera chotchuka chamagetsi chimene chimafuna kuti chala chiyende kutsogolo, chibwerere pakati, chitsike pansi, kenaka batani lidinidwe pa kamphindi kake kenikeni. Pa padi yotha, chibakera chimenechi ndi loto chabe. Eddy wa kumudzi safuna zonsezo. Mabatani awiri akhale amoyo, basi. Kotero womenya amene akatswiri a Tekken 7 sankamuyika pakati pa oopsa kwambiri amasanduka mkango pamalo pamene zida ndi zotha.

Palinso nkhani ya ndalama, ndipo kwa ine iyi ndiyo yaikulu. Tekken ili ndi malo ophunzirira, pamene munthu amatha kuuza kompyuta kuti izibwereza theche limodzi mpaka aliloweze ndi kupeza yankho lake. Amene ali ndi makina kunyumba amakhala pamenepo usiku wonse. Koma ndi mnyamata uti amene angatenge ndalama ya ganyu yopalira mpunga ku Bwanje n'kukalipira kuti amenye chidole chosabwezera, anzake pabenchi akudikira? Aliyense amafuna ndewu yeniyeni. Motero nzeru yogonjetsera Eddy, imene ili yotchipa kwa ena, kuno ndi yodula, ndipo palibe waigula. Eddy amadya umbuli wa mdani wake. Pamene umbuliwo wachuluka, iye amanenepadi monga mwa dzina lake.

Tsono tione kumene amafooka, chifukwa ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Amene anaonerapo ngoma ya Angoni a kwa Kachindamoto akudziwa kuti wovina amaponda pansi mwamphamvu, chibonga m'dzanja lina, koma chishango sachisiya. Eddy amataya chishango kuti avine bwino. Akaima chadodolido sangatchinge. Akagona mu negativa sangatchingenso. Theche lililonse lofika pansi limamupeza, ndipo nthawi zambiri limamunyamula n'kumusiya ali lende m'malere, pamene mdani amamuonjezera zina zingapo iye asanaponde nthaka. Kaimidwe kamene kamaopsa mlendo ndi komweko kamene kamasangalatsa wodziwa. Iye amangodikira kuti Eddy adzigwetse, n'kumuponda.

Chachiwiri ndi nthawi. Gemuyi imajambula zithunzi 60 pa sekondi iliyonse, ndipo akatswiri amawerenga ndewu ndi zithunzi zimenezi. Chibakera chofulumira cha omenya ambiri chimatenga zithunzi 10 kuti chifike. Womenya aliyense akaponya theche amafuna kanthawi kuti abweze mwendo. Ngati theche latchingidwa ndipo woponyayo watsalira ndi zithunzi 10, mnzake ali ndi chibakera chaulere chimene sichingatchingidwe. Akatsalira ndi 15, omenya ambiri ali ndi chomuponyera m'mwamba, ndipo munthu akakhala m'mwamba alibe chonena, gawo lalikulu la moyo wake limapita. Mateche okongola a Eddy, aja ozungulira ngati chigayo, ambiri amamusiya ndi ngongole yotere. Losesa miyendo lija likatchingidwa, Eddy amakhala ngati mbuzi yomangidwa pamsika. Kukongola kwa theche ndi kutalika kwa ulendo wake, ndipo ulendo wautali umapatsa mdani nthawi.

Chachitatu, Tekken si ya kutsogolo ndi kumbuyo kokha. Munthu amatha kupatukira kumbali. Mateche angapo a Eddy amayenda chingwe chimodzi, ndipo wopatuka amapezeka ali kumsana kwake. Mwini wakenso sapatuka mopepuka ngati omenya aang'ono matupi monga Ling Xiaoyu. Akapanikizidwa pakhoma ndi munthu wa zibakera zazifupi zofulumira, miyendo yaitali ija imasowa potambasukira.

Ndinaziona ndi maso zimenezi pa tchuthi cha Khirisimasi. Kunabwera mnyamata wina wophunzira ku Blantyre, kwawo kuli cha ku Mua. Atawerenga katoni ija anaseka, n'kupempha mwini wake kuti aichotse tsiku limodzi lokha, ndipo analonjeza kuti gemu iliyonse imene aluze kwa Eddy alipira kawiri. Anaitana kamnyamata kotchuka kaja. Iye anasankha Paul Phoenix, munthu wa tsitsi loima ngati mtolo wa udzu, amene ndewu yake ilibe zokometsera. Raundi yoyamba analuza, ndipo benchi yonse inakuwa. Ndinaona kuti sankamenya kwenikweni, ankangoyang'ana. Kuyambira raundi yachiwiri zinthu zinasintha. Ankabwerera m'mbuyo pang'ono, Eddy n'kuzungulira yekha pamphepo, ndipo phazi likangotera pansi, chibakera chimodzi cha Paul chinkamuponyera kutali. Eddy akagona, theche lapansi. Akaima chadodolido, chibakera cha pamimba. Anawina magemu 7 otsatizana osatuluka thukuta. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindinaonepo mwambiwu ukugwira ntchito poyera chotere. Kamnyamata kaja kanayesa kudina mofulumira kwambiri, koma kufulumira kwa chala sikufupikitsa theche limene analijambula kukhala lalitali.

Zimene zinachitika pabenchi ya pa Golomoti ndi zomwenso zimachitika pa mipikisano ya dziko lonse. Mpikisano waukulu wa magemu a ndewu ndi EVO, umene umachitikira ku Las Vegas. Kuyambira 2017, pamene Eddy analowa mu Tekken 7, kufikira 2023, palibe amene anatenga chikho cha kumeneko ndi iyeyo. Akanakhala wakuba monga imanenera katoni, akatswiri amene amasewerera ndalama zambiri akanamuthamangira onse. Komabe sizikutanthauza kuti ndi wachabechabe. JeonDDing wa ku South Korea anatchuka ndi Eddy, ndipo anafika pa ndewu yomaliza ya Tekken World Tour ku Amsterdam mu Febuluwale 2023, kumene anagonja kwa Atif Butt wa ku Pakistan. Chodabwitsa n'chakuti ukaonera Eddy wa katswiri ngati ameneyu, sufuna kukhulupirira kuti ndi yemwe uja wa pa Golomoti. Savina kwambiri. Amaima patali, amabwerera m'mbuyo, amalasa ndi timateche tating'ono, ndipo kugona pansi kuja amakusunga ngati mpeni wa m'thumba, kuutulutsa pokhapokha mdani wayamba kuchita mantha. Kunena mwachidule, kuti upambane ndi Eddy pakati pa odziwa, uyenera kusiya zambiri zimene zinakukopa kuti umusankhe. Ichi ndimachiona ngati chilema pa kaumbidwe kake. Amaphunzitsa woyamba kumene makhalidwe amene adzayenera kuwaiwala.

Mndandanda wa amphamvu ndi ofooka nawonso si malemba oyera. Mu 2018 Rangchu, wa ku South Korea komweko, anapambana Tekken World Tour ndi Panda, chimbalangondo chimene anthu ankachiyesa choseketsa chabe. Mu 2019 Arslan Ash wa ku Lahore anapambana EVO Japan ndi EVO ya ku Las Vegas chaka chimodzi, n'kugonjetsa Knee wa ku Korea, pamene dziko silinkadziwa n'komwe kuti ku Pakistan kuli osewera. Anakulira m'timanyumba ta magemu, kusewera maso ndi maso ndi anzake amene ankagawana nzeru. Ku Kenya kuli Sylvia Gathoni, wodziwika kuti QueenArrow, mtsikana amene anafika posainidwa ndi timu yakunja chifukwa cha Tekken. Sindikunena kuti pa Golomoti patuluka Arslan mawa. Ndikunena kuti kanyumba ka malata si chifukwa chokhalira mbuli.

Pali mlandu wina umene ndili nawo ndi amene anaumba Eddy, ndipo uwu sukhudza mabatani. Capoeira inabadwa pakati pa akapolo a ku Africa ku Brazil. Ofufuza ambiri amailumikiza ndi engolo, masewero a mateche a kum'mwera kwa Angola. M'zaka zoyambirira za m'ma 1800 zombo zinkanyamulanso anthu pa doko la Quelimane kupita nawo ku Rio de Janeiro, ena a iwo ogwidwa kumtunda kwa Zambezi, kufupi ndi kwathu kuno. Brazil inathetsa ukapolo mu 1888, ndipo mu 1890 inaika capoeira m'gulu la milandu. Inayamba kulemekezeka pamene Mestre Bimba anatsegula sukulu yake ku Salvador mu 1932, ndipo mu 2014 bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mmene mulinso Gule Wamkulu, amene analengezedwa mu 2005. Capoeira yeniyeni imaseweredwa pabwalo lozungulira, anthu akuomba m'manja, akuimba, uta wa chingwe chimodzi wokhala ndi chikho wotchedwa berimbau ukutsogolera. Woimbayo akafulumiza, osewera amafulumira. Nthawi zambiri katswiri amaimitsa theche pafupi ndi nkhope ya mnzake, kungomuonetsa kuti akanafuna akanamupweteka.

Munthu wokulira kuno savutika kumvetsa zimenezi. Pitani ku Kungoni pa Mua, malo amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, mukaone zigoba mazanamazana za m'nyumba ya Chamare. Zili zokongola pakhoma, koma aliyense amadziwa kuti moyo wake uli pabwalo, pamene pali ng'oma, amayi oimba ndi fumbi. Namco inatenga miyendo ya capoeira n'kusiya bwalo ndi nyimbo. Inatenganso masewero a anthu osauka ndi ozunzidwa n'kuwapereka kwa mwana wa mpondamatiki wofuna kubwezera imfa ya bambo ake, nkhani imene tinaionera kale m'mafilimu a karate osawerengeka. Mwana wosewera Eddy chaka chathunthu sangadziwe kuti mateche amenewa anawoloka nyanja m'zombo za akapolo.

Ndisawalande zonse. Anthu ochuluka padziko anamva dzina la capoeira koyamba chifukwa cha Eddy, ndipo mu 1998 sichinali chinthu wamba kuti mwana wakuda apeze pakanema womenya wofanana naye amene si chigawenga cha m'mbali mwa msewu. Ndikukhulupirira kuti ichi n'chimodzi mwa zimene zimakokera anyamata athu kwa iye, ngakhale iwo sanena. Chaka chomwecho cha 1997 kampani ya Capcom inatulutsa Elena mu Street Fighter III, mtsikana wa ku Kenya, koma naye inamupatsa capoeira, ngati kuti Africa ilibe dambe ya Ahausa, kulimbana kwa ku Senegal kapena ndodo za Azulu. Zinatenga mpaka 2025 kuti Tekken ilengeze Miary Zo wa ku Madagascar, womenya moraingy ya kwawo.

Katoni ija inabwerera pakhoma mnyamata wa ku Blantyre atangokwera minibasi. Mwini wake anandiuza kuti iye amagulitsa magemu, saphunzitsa sukulu, ndipo padi yatsopano ndi yodula kuposa kukhumudwa kwa mwana mmodzi. Ndinalephera kumutsutsa pa nkhani ya padi. Koma chiletsocho chimateteza umbuli womwe unabala vutoli. Anyamata amene sakumana ndi Eddy sadzaphunzira kunjuta pa nthawi yake, kupatukira kumbali, kapena kudikira theche liphonye, ndipo nzeru zitatu zimenezi n'zofunika polimbana ndi womenya aliyense, kaya ndi Hwoarang, kaya Law. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti m'mawa mwa Loweruka, makasitomala asanachuluke, azilola anyamata awiriawiri kulowa pa malo ophunzirira aja pa mtengo wa gemu imodzi. Anati aganizira.

Mwana wa mlongo wanga sanadikire. Anagwirizana ndi kamnyamata ka Eddy kaja kuti azilipira gemu mosinthana, wina azingoponya theche losesa miyendo, winayo azingoyesa kulitchinga n'kubwezera. Anzawo pabenchi amadandaula kuti akuwononga nthawi. Sabata yathayi ndinamufunsa kuti zikuyenda bwanji.

"Pa mateche 10 ndikumagwira 6, amalume. Koma akasakaniza ndi la pamimba lija ndiye akundipezabe."